Mfundo Yanga

Ndaziona anachokera kusukulu ndi funso m'malo mwa njala:
"Adadi, majumbo timataya aja amapita kuti?"
Ine ndili pa makina, ulusi pakamwa,
ndinaloza ndi chibwano kuseri kwa bafa.
"Amapita basi. Mphepo ya ku Chinsapo sijomba ntchito."

Anayamba kuwerenga.
Lolemba asanu ndi awiri: tomato, bonya, mafuta oyeza, makala a madzulo.
Lachiwiri asanu ndi anayi.
Ankalemba kuchikuto kwa kope la masamu
ngati mwini okala wolemba angongole,
ine n'kuseka mpaka singano inandibaya.

Mu Januwale mvula inagwa usiku wonse.
Ngalande inakana kumeza.
Madzi analowa m'nyumba osaodira,
nanyamula nsapato, nanyambita miyendo ya makina anga,
nanyowetsa diresi la ukwati wa eni
lomwe theka la ndalama yake tinali titadya kale.

M'mawa tinatuluka amuna a mzere wathu wonse
ndi makasu, ndi mawu otukwana khonsolo.
Ndinapisa dzanja m'matope mpaka m'chigongono
n'kuvuula jumbo yakuda, yomangidwa kukamwa
ndi kansalu kachikasu kotsala pa yunifolomu,
mfundo yake yobwereza, yokhotera kumanzere.
Mfundo imeneyo mu Lilongwe muno
amamanga ndi munthu mmodzi.
Ndinaiponda ndi phazi a Chimphonda asanaione.

Sindinalalikire aliyense.
Ndinangotola zidutswa za pansi pa tebulo
n'kusoka chikwama chamawangamawanga ngati nkhanga,
amake Ndaziona n'kupita nacho kumsika.
Pobwera anali ndi maoda atatu.

Tsono makoko a mbatata ali ndi dzenje lawo,
phulusa ndi zitosi zimakawapeza komweko.
Madzi otsukuluzira mbale sathamangiranso kumsewu,
akumwa ndi mpiru womera m'matumba a simenti
pansi pa zenera, pomwe kale pankamera fungo lokha.
Nyemba timaviika usiku kuti mbaula isadye kawiri.
Makala sitinasiye, ndisaname,
magetsi akathima ana sadya malonjezo.
Koma thumba lomwe linkatha mwezi uli pakati
likumaona nawo tsiku la malipiro,
ndipo njinga zikamatsika nawo kuchokera ku Dzalanyama
ndimaweramabe, koma pang'ono.

Dzulo Ndaziona anatsegula kope lija.
"Sabata ino, imodzi."
Anandiyang'ana. Ndinayang'ana malata.
Inali ya pa chiwaya cha pa siteji,
tchipisi chili chamoto, chikwama nditachiiwala pa msomali.
Ndaichapa. Ili pa chingwe apo,
ikuuma pakati pa masokosi,
ikudikira ulendo wachiwiri.