Ndisanafufute Bolodi

Ana aweruka. Tatsala ine, tsache
ndi choko cha a Likagwa pa bolodi:
Falansa, 1789.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi ndazimva.
Akuti ngakhale mchere unali ndi msonkho.
Mabwana ndi akuluakulu a tchalitchi ali phee,
mtolo wonse pa liwombo la mlimi.
Matalala anasasantha tirigu,
buledi nkuyamba kumeza malipiro.
Amayi anayenda pamvula mpaka kwa mfumu
kukafunsa za ufa.

Anagumula ndende
nkupezamo akaidi asanu ndi awiri okha.
Ndaseka ndekha. Yathuyi ndimaidutsa m'mawa uliwonse,
ovala zoyera akutchetcha m'mbali mwa msewu.

Pansi pa mzere, zotsatira.
Mpeni unadya khosi la mfumu,
osakhuta, unatembenukira ounola.
Kenaka msilikali anadziveka chisoti.
Koma mawu anatsala m'makutu,
akuti pobadwa palibe bwana.

Za mtengo wa buledi pambuyo pake
a Likagwa sanalembe.

Nkhungu yatsika m'phiri la Zomba.
Mwezi uno sitinalandire.
Ndanyowetsa chisanza,
ndayamba kufufuta chakumunsi.
Mchere uja ndausiya.