Kamwala ka ku Kamwala

Analibweretsa pa wilibala, bokosi lathabwa lofiirira,
a Chisale ogula zitsulo zakutha.
Ati analitola m'nyumba ina ku Kabulonga,
ana a malemu atagawana mipando n'kusiya fumbi.
Lipenga lake linasowa kalekale,
mwina wina ankathirira palafini.
Ine ndimakonza mafoni, ndinawauza.
Iwo anati, "Choyankhula n'choyankhula basi,"
n'kulisiya pakhomo pa kontena yanga.

M'kati munali timigolo tinayi taphula,
takuda bii, topanda pansi, topanda chivundikiro,
kamodzi katachita nkhungu ngati buledi wa Lolemba latha.
Pamwamba pa makinawo panali kamutu kachitsulo,
nembanemba yake itang'aluka,
mphira wake utauma gwa ngati chidendene cha m'chilimwe.
Ndinafuna singano, sindinaipeze.
Pamalo pake panali kamwala kosalala
kooneka kokha ndikavala galasi lokonzera.
Ndinaseka ndekha: kamwala kabwera kwawo ku Kamwala.

Ndinaphwasula wotchi ya ana yolira ngati nkhululu
n'kuchotsamo kambale kamkuwa kolirako,
poti chinthu cholira chimathanso kumva
ukachitembenuza.
Anthu ena okha ndiwo sizitheka.
Mphira ndinadula ku chubu cha njinga,
waya ndinasenda wa zomvetsera m'makutu zakufa mbali imodzi,
mtovu unandidonthera pa chala chamkombaphala.
Chipsera chake ndi ichi.

Magetsi anathima masana monga mwa masiku onse.
Bokosi silinadandaule, limangofuna dzanja lopukusa.
Khutu langa latsopanoli ndilo linali ndi njala,
ndiye Yotamu wa minibasi za ku Chawama
anandibwereka batire, nthawi yake mpaka basi idzaze.

Poyamba, njuchi zokhazokha m'sipika.
Ndinamangirira waya wina ku chitseko cha kontena, zinabalalika.
Kachiwiri, kamutu kanalemera,
kanapala phula, kaulusi kakuda kanapiringizika n'kugwa pathebulo.
Ndinazimitsa msanga, mtima uli phaa.
Kaulusiko anali mawu a munthu.
Ndinakanyamula ndi pepala, ndinasowa pokabwezera.
Kumbuyo kwa kamutu ndinamata fifite ngwee
kuti kaziponda ngati mphaka padenga.

Kachitatu, mvula ya pamalata.
M'kati mwa mvulamo bambo wina anatsokomola,
anatchula mawu m'chinenero chosadziwika kwa tonsefe,
kenaka mayi anayamba kuyimba, kutali,
ngati ali kuseri kwa mpanda wa njanji.
Amayi Zelipa anasiya chinangwa chikupsa pa mbaula.
Mnyamata wa matoko taimu anavula chipewa osadziwa chifukwa.
Penapake mayiyo anapuma mpweya, tonse tinamumva,
mpweya umene anaukoka msewu wa Cairo usanalembedwe,
pano pali udzu ndi miyala.
Pamene ndinapala paja anadumpha liwu limodzi
n'kupitiriza, osandikwiyira.

Mphindi ziwiri zokha. Kamwala kanafika kumapeto, tse, tse, tse.
Yotamu anabwera kudzatenga batire.

Nditatembenuka ndinaona Tisauke ali pabenchi,
kachitatu sabata yomweyi,
foni yake ili m'kapulasitiki ka mpunga.
Inagwera m'ngalande madzi atasefukira ku Kanyama.
Muli mauthenga a mawu a mwamuna wake,
womaliza wonena kuti wagula kapenta, akubwera.
Ndinaitsegula kale kawiri. M'kati monse ndi dzimbiri lobiriwira.
Anayang'ana bokosi, anayang'ana manja anga.
"Mayi wa azungu uyu mwamudzutsa," anatero.
"Nanga wanga wa chaka chathachi?"

Ndinayamba kufotokoza za phula, kuti mawu amakumba kanjira,
kuti m'foni mulibe kanjira koti kamwala n'kulondola,
koma ndinalekeza pakati.
Ndinavala galasi lija,
ndinatsanula mpunga pathebulo,
ndinamasula timasikuluwu tonse tisanu ndi tiwiri.