Nkhwaira Zamtengo

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndayenda pamwamba pa moto
nditavala nkhwaira zamtengo,
poti za labala zimasungunuka usanafike pakati pa uvuni.
Ngowe kumanzere, chipande cha malasha kumanja,
kuvundukula, kusuzumira, kuthira, kutseka,
usiku wonse, mpaka kuitana kwa kumzikiti ku Savar
kutadzutsa akhwangwala.
Njerwa ndinkaidziwa ndi khutu:
yopsa bwino imati ngwee,
yosapsa imayankha ngati munthu wa chimfine.

Dothi linkabwera pa malole.
Sindinafunsepo kumene likuchokera
mpaka chaka chimene Mofizul, mlamu wanga,
anagulitsa khungu la munda wake wa mpunga,
kuya kwake kolekeza m'bondo,
kuti abweze ngongole ya ukwati wa mwana wake.
Mundawo ndinauwotcha ndine.
Masabata atatu unapsa pansi pa mapazi anga,
lero ndi mpanda wa fakitale ya malaya ku Dhaka.
Pamalo pake padikha madzi obiriwira,
ngakhale achule amangodutsapo.
Mofizul akupalasa njinga yonyamula anthu mu mzinda.
Tikakumana timakamba za mtengo wa anyezi.

Ndipo mango a kuseri kwa nyumba
ankachita maluwa chaka ndi chaka, n'kuyoyoka akuda bii.
Ife tinkati ndi mphepo,
chumuni ili chilili pamaso pathu
ngati chala chotiloza.

Shefali, mwana wanga wachiwiri,
amagwira ntchito kutsidya kwa Dhaleshwari,
m'chishedi cha malata chopanda utsi.
Mchenga amauvuula pansi pa mtsinje
pokonza njira ya mabwato,
amausakaniza ndi simenti pang'ono,
makina n'kupsinja, khu! khu!
zidina zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi,
zotuwa ngati nkhunda, zamabowo awiri.
Kenako amazifunditsa ziguduli zonyowa.
Akuti zimakhwima ndi madzi.

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira,
chifuwa changa chija chotulutsa makhololo a mwaye.
Njerwa yosaona moto?
Ndinati: simenti yakoyo,
sinapse kwinakwake, pa uvuni woposa wanga?
Iye sanakane.
Anati: inapsa, bambo, ndipo tikuifunira njira yoichepetsa,
koma palibe munda wa malume umene walowa m'chikombole changa.
Anapitiriza kuwerenga zidina zake,
milomo ikuyenda, pensulo ili m'tsitsi.

Uvuni wathu anautseka mvula isanayambe.
Anabwera a boma ndi pepala ndi chigalimoto chogumula,
chumuni inagwada kaye, kenako inagona.
Amuna makumi asanu ndi atatu tinaima m'fumbi lake
aliyense akuwerenga pakamwa pomudikira kunyumba.
Mpweya wabwino suphikidwa mumphika,
anatero Anowar, ndipo palibe anamutsutsa.
Ena anapita kumpoto kumene moto ukadali kuyaka.
Ine mawondo anakana.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimawoloka pa bwato,
mwana wanga ndiye kapitawo wanga.
Wandipatsa paipi.
Ine, munthu wa moto, ndimathirira njerwa
ngati mbande za biringanya,
mzere ndi mzere, masiku khumi ndi anayi,
mapazi ali m'matope ozizira.
Malipiro ndi ochepa kuposa aja.
Usiku ndimagona, chimene ndinali nditaiwala kachitidwe kake.

Dzulo, poona kuti palibe akundiyang'ana,
ndinatola chidina chimodzi n'kuchigogoda ndi ngowe yanga yakale.
Sichinaimbe.
Ndinachiponya pansi kuchokera paphewa.
Sichinasweke.
Sindinauze munthu.

Nkhwaira zija anazipeza mdzukulu wanga Tuhin pansi pa bedi,
zidendene zake zopserera.
Wazimangira ulusi, wabayapo kansalu,
akuziyandamitsa pa dziwe lija la Mofizul,
akuti ndi sitima zonyamula mchenga.
Pamwamba pake mango agwira tizipatso ngati mikanda.
Sindikulonjeza kanthu.
Ndikungowerenga timene tatsala m'mawa uliwonse.