Botolo la Jamu Lochokera ku Mingenew

Bambo anga amalima lupini kumpoto kwa Mingenew,
pamchenga wachikasu umene mphepo imabwereka osabweza.
Ine ndili ku Perth, m'nyumba yamagalasi,
ndi timiphika mazana atatu.
Ntchito yanga ndi kuopseza zomera.

Lolemba m'mawa ndimapopera masamba homoni
imene chomera chimatulutsa chokha chikalumidwa.
Fungo lake ndi la maluwa a paukwati.
Muno mulibe mbozi, mulibe nsabwe ngakhale imodzi,
koma tsamba silidziwa kuti ndikulinamiza.
Lamva mfuu, latumiza uthenga m'timitsempha,
ndipo penapake m'kati mwa kubiriwira
moto wa ululu wakolezedwa.

Zina ndimazimana madzi masiku khumi ndi awiri.
Zina ndimazikwezera kutentha maluwa atangotuluka,
kenaka ndimalemba m'buku kuti "zinafota"
ngati dzanja lozimitsa mpopi silinali langa.

Akuti anthu anatha zaka zambiri akusankha njere yofatsa,
kutaya yowawa, kusunga yokoma,
mpaka nkhosa zinasiya kukwinya mphuno.
Ine ndaona kuti kuwawako sikunachoke.
Kunangogona chafufumimba pansi pa khungu,
kudikira chaka choipa.

Chaka choipacho chinafika.
Mvula inaduka mu Ogasiti osatsanzika,
mphepo yakum'mawa inaomba ngati yochokera mu uvuni
makoko adakali anthete.
Mu Novembala positi inandipatsa botolo la jamu,
chivindikiro chomangidwa ndi tepi yamagetsi,
ndi kapepala: "Merrin, tandiyezera izi. Usauze a kubanki."

Ndinapera njere za bambo anga mpaka ufa.
Makina anajambula timapiri pakompyuta,
ndipo phiri limodzi linakwera, linakwera,
kupyola mzere umene ogula anaika.
Ndinabwereza katatu. Ndinatsuka zonse, ndinabwerezanso.
Masamba anali ataphika ululu nyengo yonse
n'kuutsanulira mwa ana awo,
poti chomera sichithawa,
sichingalongedze katundu n'kukwera basi yopita kumigodi
monga anachitira Fergus, mlongo wanga.

Pafoni bambo sanafunse nambala.
Ndinkamva galu akupuma, chitseko cha shedi chikumenya.
"Ndinatafuna imodzi," anatero. "Ndikudziwa kale."
Kenaka anayamba za mtengo wa dizilo,
za woyandikana nawo amene anagulitsa munda kwa kampani,
za Fergus amene saimba,
mawu aliwonse akutuluka ndi kakomedwe komweko.
Awa ndi bambo amene kale ankaimba mluzu pathirakitala
mpaka mbalame zinkasokonezeka.

Nayra Quishpe, wa patebulo loyandikana ndi langa,
anandipeza ndikuyang'ana botolo lija.
Anati kwawo, kumapiri a ku Ecuador,
salimbana ndi kufatsitsa mbewu.
Amaiwiritsa, amaimanga m'thumba,
amaisiya mumtsinje masiku angapo, mwala pamwamba,
madzi n'kumadutsa, n'kumadutsa.
"Ululu umatuluka," anatero, "koma sufuna madzi oima."

Ndinaseka, chifukwa mtsinje wa kwathu mwezi uno
ndi msewu wamchenga wokhala ndi mapazi a nkhosa.

Lachisanu ndinathirira miphika yonse,
ngakhale ija ya mzere wachinayi
imene buku linati idikire mpaka Lachiwiri.
Ndinaononga kafukufuku wa milungu isanu ndi umodzi.
Ndidzafotokoza Lolemba.

Tsopano ndili pamsewu wopita kumpoto, maola anayi,
zenera lotsekula, minda yotuwa mbali zonse.
Botolo likugubuduka pansi pa mpando,
njere zotsala zikulira m'kati pa bampu iliyonse.
Sindikudziwa chimene ndikanene.
Mwina ndikangokhala nawo pakhonde,
iwo azikalankhula za dizilo,
ine ndizikadutsa, ndizikadutsa.