Maola Makumi Anayi

Kusukulu kwathu kwa zamalonda digiri satenga
usanatumikire anthu maola makumi anayi.
Fomu yake ili ndi mizere, ndi posaina mboni.
Ndinaipinda kanayi n'kutsika nayo ku Thabwa,
minibasi ikununkha mabuleki, makutu akutseka,
Shire akunyezimira kumunsi ngati lata latsopano.

Ndinali nditangobwera kumene ku Holande,
miyezi inayi ya chisanu cholowa m'mano,
dziko limene nyanja ili pamwamba, anthu pansi,
koma amagona tulo osatchera khutu.
M'kalasi tinali mitundu khumi ndi isanu.
Mnzanga wa ku Peru ankandibwereka jekete,
ine n'kumamuphunzitsa kunena kuti zikomo.
Aphunzitsi ankajambula chiopsezo pabolodi,
mzere wofiira wokwera ndi kutsika,
ndipo mayeso akewo ndinakhoza bwino.

Bangula anandilandira ndi dzuwa la Okutobala.
Tayi ndinali nditavulira kale pa Ngabu.
Pansi pa mtengo wa nimu panali amayi a banki mkhonde,
bokosi la maloko atatu pakati pawo.
Laputopu yanga inatentha ngati chiwaya, n'kuzima.

Ndinayamba choncho pakamwa:
Amayi, chuma chimafuna buku,
cholowa kumanzere, chotuluka kumanja.
Mayi Dominga Zuwawo, msungichuma,
anandiyang'ana monga ayang'anira mbuzi pamsika
asanatchule mtengo.
Buku tinali nalo, mwanawe, lachikuto cholimba.
Usiku umene Ruo anakwiya
linapita pamodzi ndi nkhokwe, machira,
ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo.

Nanga ngongole munazidziwa bwanji?

Anatsinzina.
Esinati, zikwi khumi ndi ziwiri, za mankhwala a thonje.
Fulanzisika, zisanu ndi zitatu, za nsomba zouma.
Malita, zitatu, mwana atadwala;
chiwongoladzanja tinamukhululukira.
Aliyense ankavomera dzina lake ndi mutu,
wina akuyamwitsa, wina akuingitsa ntchentche.
Buku limanyowa, anatero. Manyazi sanyowa.

Tsiku lachitatu anandiyendetsa mpaka nsapato kuyera.
Chimanga kudimba, madzi akaphwa.
Mapira kumtunda, poti sasamala za mvula.
Mbuzi zitatu kwa mng'ono wawo ku Chididi,
kuphiri kumene mtsinje sufika.
Zonsezi zikakanika, kuli nyika kudambo,
ukakumba diso limodzi lili pa ng'ona.
Ndinafuna kuwauza dzina la Chingerezi la nzeru imeneyi,
dzina limene bambo anga anagulitsira ng'ombe kuti ndikalimve.
Ndinangomeza malovu.

Sindinapite chimanjamanja ayi.
Tinagula buku lina, ndi ndowa yotseka bwino.
Ndinaphunzitsa mwana wa Malita kujambula tsamba lililonse
ndi foni yake yosweka galasi,
n'kutumiza kwa anthu atatu okhala kutali ndi madzi.
Ndinawapezera zikwi ziwiri zimene zinabisala m'kuwonkhetsa.
Anawomba m'manja pang'ono,
monga awombera mwana amene wayamba kuyenda.

Usiku, pamkeka panja, poti m'nyumba munali ngati uvuni,
ndinalembera wa ku Peru uja:
Kuno madzi alibe khoma.
Anayankha ndi funso la homuweki.

Loweruka ndinatambasula fomu pabokosi lija.
Mayi Dominga anaigwira patali ndi maso,
chala chikutsata mzere uliwonse.
Apa mwalemba makumi anayi.
Lachiwiri munafika dzuwa lili paliwombo.
Lachinayi munagona pansi pa nimu, pakamwa pali yasa.
Atsala maola asanu.
Cholembera anabweza chosatsegula.

Ndinakwera Thabwa fomu ili yosasaina,
m'thumba muli malambe awiri amene anandipatsa.
Tsopano m'kalasi, fani ikuzungulira,
aphunzitsi akajambula mzere wofiira uja
ndimamva dzina langa likutchulidwa pansi pa nimu,
pambuyo pa Malita,
m'buku lija losanyowa.