Paketi ya Shuga pa Sikelo

Mtedza wa Mwatitha unakwinyata masamba,
unachita chikasu, n'kukana kukula.
Anazula phata limodzi, n'kubwera nalo m'jumbo
ku benchi yanga pa Kamwendo,
pomwe ndimatchaja mafoni a anthu ndi kumata magalasi osweka.
Amvekere, iwe wodziwa mabataniwe, tafunsa.

Ndinafunsa chofufuzira chachikulu chija,
chomwe foni imabadwa nacho ngati mchombo.
Kuyankha chinayankha msanga,
koma chinayamba chandigulitsa feteleza wa kutsidya kwa nyanja,
kenako thirakitala,
kenako mankhwala a anthu otupa akadya mtedza.
Bandulo ya mawa inathera pa zithunzi za minda ya eni.
Mlungu wathunthu thirakitala ija inandilondola,
tsamba lililonse ndikatsegula, ili pompo,
ngati wangongole amene wadziwa pomwe umagona.

Ndiye ndinayamba kusaka zosakira.
Choseketsa, ndinafunsa chachikulu chomwecho
kuti anzako ali kuti,
ngati kufunsa wagolosale njira ya ku golosale ina.

Malemu bambo akamagulitsa soya kwa mavenda
ankayamba atulutsa paketi ya shuga m'thumba la jekete,
kilo imodzi yosatsegula,
n'kuikhazika pa sikelo.
Muvi ukanama pa shuga, ankamanga matumba awo
n'kukankha njinga kupita kwa wina.
Sankakangana ndi munthu.

Nanenso ndili ndi shuga wanga.
Ndimalemba zomwe ndikudziwa kale:
njira ya ku Mkanda ndi iti,
Bua amayambira kuti,
chiponde n'chiyani.

Choyamba chinalumbira kuti sichisunga mapazi a munthu.
Zoonadi, thirakitala sinabwerenso.
Koma chiponde chinati ndi boda ya ku Mangochi, basi,
cha mumtondo sichinachimvepo.
Chachiwiri chinati ukamafunsa chimadzala mitengo;
ndinasuzumira panja, fumbi lokhalokha,
mwina ikumera kwina.
Chachitatu n'chopepuka, malemba okhaokha,
chimatseguka ngakhale netiweki yatsala kandodo kamodzi,
koma Chichewa chimachimva ngati mvula pa malata,
mpaka ubwereke Chizungu.
Chachinayi chinkayankha ngati munthu,
mwaulemu, mosadodoma,
n'kundiuza kuti Mkanda ali m'mbali mwa njanji
ndipo kumagwidwa usipa.
Chimenecho ndinachiopa kuposa zonse.
Venda wakuba kwambiri ndi uja amakupatsa mpando.

Kumapeto kwa kope la ngongole ndinalemba:
ichi sichilondola munthu,
ichi sichidya bandulo,
ichi chimaonetsa komwe chatola mawu ake,
ichi chimangoti ndikhulupirire.
Palibe chomwe shuga wanga anakwana kilo yonse.

Za mtedza tinazipeza Lachinayi, batire ili pa folo,
patsamba lachitatu la chopepuka chija:
kapepala kakale ka alangizi, kojambulidwa mopendama,
chala cha wojambula chikuonekera pakona.
Kadukutu. Amabwera ndi nsabwe za m'masamba.
Chaka chamawa dzalani ndi mvula yoyamba, mothithikana.
Mwatitha anawerenga kawiri, milomo ikuyenda,
n'kukwera kabaza kukaonetsa a Gwirize,
alangizi opuma aja a ku Walilanji.
Iwo foni sanaiyang'ane n'komwe.
Anatembenuza tsamba la mtedza, n'kuti, ee, ndi yemweyo.

Madzulo ano ndikukulunga mawaya
ndipo chikundivuta ndi china.
Mwina zosakirazi sizinama dala.
Khasu lingathwe bwanji,
silifukula mbatata pomwe sanaike kholowa.
Za ife zalembedwa zochepa,
ndipo zochepazo analemba ndi odutsa pagalimoto.

Magetsi athima. Jenereta ya wometa yayamba kutsokomola.
Ndatsala ndi mayunitsi a handiredi.
Ndi chala chomwe chinachekedwa ndi galasi dzana
ndikulemba pang'onopang'ono, poti aliyense angaone:
chiponde ndi mtedza wokazinga,
wosinja mpaka utuluke mafuta.
Ena amathira kamchere.