Tsamba la Lukiya

Ndimadziwa chiuno cha aliyense m'tauni muno:
cha mkazi wa aphunzitsi, cha mkwatibwi wa Loweruka lathali,
cha Che Mdoka, amene amakoka mimba
ndikangoyandikira ndi tepi,
ngati tepi imanamizika.
Zonse zili m'kabuku kofiira pansi pa makina.
Changa chokha munalibe.

Zaka khumi ndi zinayi miyendo yanga ikupalasa
osafika kulikonse.
Ulusi ukuyenda, ine ndili pompo,
pakhonde la sitolo moyang'anana ndi msika,
mandasi a Abiti Wiliki kumanja,
botolo lozizira kumanzere,
poti dzuwa la Mangochi silimva kupepesa.
Diresi langa la pa Idi ndalimasula katatu.
Kachinayi nsalu inakana.

Lachiwiri lija, kuchipatala cha boma,
namwino wa msinkhu wa mwana wanga
anandifinya mkono ndi lamba wake,
nayang'ana, nafinyanso.
Pa sikelo singano inathawa
ngati yaona mwini ngongole.
"Mayi, magazi anu akuthamanga."
Ndinaseka, ndati bola iwo,
mwiniwakene sindinathamangepo.
Iye sanaseke.

Usiku umenewo ndinatseka chitseko,
tepi n'kuizungulitsa pa ine mwini.
Inafika, koma movutikira.
Ndinatsegula tsamba latsopano
n'kulemba dzina ngati la kasitomala wachilendo:
Lukiya Chindamba.
M'munsi mwake, oda yake:

Chiuno cha mavu sindichifuna, ndi cha ana.
Ndikufuna kugwada pa mkeka wa swala
n'kudzuka osapempha khoma.
Ndikufuna kuwoloka mlatho wa pa Shire n'kubwerako
ndisanavundukule makina.
Shuga supuni imodzi.
Mandasi Lachisanu lokha.
Makilo asanu mvula isanagwe,
enawo tidzakambirana.

Tsiku loyamba ndinathera pa chipilala cha wotchi.
Ndinakhala pansi, mtima ukusoka zigizagi,
mpaka mnyamata wa kabaza anandimvera chisoni.
Ndinabwerera pa njinga, nkhope m'mpango.
Ndinalemba zimenezonso.
Kabuku ka telala sikabisa zolakwika.

Sabata yachitatu ndinaponda mlatho.
Pansi, mvuu inatulutsa mphuno n'kundiyang'ana
ngati mbale amene ndikumuthawa.
Ndinati pepani achemwali, inu madzi amakunyamulani,
ine ndi maondo awiri okha.

Kenako pakamwa pa anthu panatseguka.
"Lukiya akutha, mwamuona?"
"Kodi kuchipatala kuja anamuuza chiyani?"
Kuno thupi ndi chikwangwani:
ukanenepa, banja lili bwino,
ukachepa, ayamba kukuwerengera masiku.
Mlamu wanga anabwera ndi chiponde m'kambale
ndi maso a pamaliro.
Abiti Wiliki sabata yonse osandipatsa moni.
Ndinawasokera mpango waulere kuti tigwirizane.

Pa ukwati wa kwa Mponda ndinagwa.
Mpunga wa mafuta, mbuzi, mbale ziwiri,
yachitatu ndinamanga m'pepala.
M'mawa mwake nsapato zinandiyang'ana pakhomo
osanena kanthu.
Ndinazivala.

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Chowe.
Makilo asanu sanakwane, achoka atatu ndi theka,
ndipo theka limenelo ndimalinena mokweza.
Koma dzulo pa swala ya m'bandakucha
ndinadzuka, n'kupinda mkeka,
ndili kukhitchini ndiye ndinakumbuka
kuti khoma sindinaligwire.

Lero ndatenga diresi la pa Idi,
ndalibweza m'mbali, chala chimodzi uku, chimodzi uko.
Nsalu yotsala sindinadule.
Ndaipinda mkati, ndaipondereza ndi simbi,
poti ndine telala, matupi ndimawadziwa,
amapita, amabwera.
Tsamba la Lukiya likadali ndi mizere yambiri,
ndipo kasitomala ameneyu
ndamuuza abwerenso mawa, kusanatenthe.